Msilikali amene munandinyengerera naye ku Ulongwe

Aphunzitsi a Damiyano, lero chatha chaka chimwalirireni inu, koma manyazi munandiveka aja ndikadawavalabe. Pa mpikisano wa shadirezi, masewera a tchesi aja, ku Ulongwe, titangoyamba munakankhira msilikali wanu pakamwa panga. Ine wokulira pa bawo, pomwe chodya sichikanidwa, ndinamudya. Kavalo wanu ndi mfumukazi zinandigwera, mfumu yanga n'kufa ndisanavule n'chipewa chomwe. Munaseka pamaso pa ana a sikola: "Akulu, kodi kwanu ku Domwe kuli njala?"

Mpaka lero pamsika wa kachewere amandifunsa zomwezo, ine n'kungowerama. Komabe ndakusowani, achimwene. Thabwa lanu la shadirezi lija anatenga ndi mwana wanu. Abwere nalo ndisanakutsatireni, adzayambe monga munayambira inu. Msilikali ameneyo ndikufuna ndidzamukane anthu akuona.