Mpando wa Chidole

Anandilanda mapointi awiri ndi dzina langa pa satifiketi. Zonsezi zinapita kwa chidole cha mtengo chovala chipewa cha woyendetsa sitima. Ndikafotokozera anthu pakamwa amaseka ndisanamalize, ndiye ndasankha kulemba.

Nthawi imeneyo ndinali dalaivala wa kampani ina ya za njanji kuno ku Doha. M'mawa ndinkatenga mainjiniya atatu kumaflati kwawo ku Al Mirqab, kukawasiya kudepoti, madzulo kuwabweza. Awiri anali azungu: mkulu wina wadazi, wamsinkhu wa agogo, ndi wina wandevu zofiira, wolongolola. Wachitatu anali Mmwenye wa magalasi amene ankayenda ndi kabuku m'thumba la shati. Onse atatu ankagwira ntchito pa sitima zamagetsi zoyenda zokha, zopanda dalaivala, zoyera ngati mbale zakuhotelo. Ndipo onse atatu ankazida. Kapena ankangonamizira kuzida, mpaka lero sindikudziwa.

M'galimoto nkhani inali imodzi, sitima zakale za malasha. Wandevu ankati sitima yamagetsi ndi filiji yoikidwa mawilo. Mmwenye ankamutsutsa kuti ayi, ndi lifiti yogona chammbali. Akatero ankayamba kukangana za injini ina imene inasiya kuyenda iwo asanamere ndevu, kuti kaya inali ndi mawilo anayi kutsogolo kaya awiri, ndipo mkanganowo unkafika mpaka pageti. Wadazi ankalumikiza foni yake ku sipika ya galimoto kuti timve injini ikukwera phiri. Mphindi khumi za kupuma kwa chitsulo, anthu atatu ali zii ngati m'tchalitchi. Tsiku lina ndinamuona pagalasi akupukuta maso. Ndinaganiza kuti kwawo kwagwa zovuta. Inali injiniyo.

Ine ndinakulira ku Balaka, kuseri kwa siteshoni. Sitima kwa ine ndi chinthu chimene mayi ankachithamangira ndi lichero la nthochi, komanso chimene chinatiphera mbuzi. Agogo anga aamuna ndiwo anagwirako ntchito yoponya malasha m'sitima zakalezo. Tsiku lina ndinalakwitsa kunena zimenezi. Onse atatu anandigwera ndi mafunso. Inali ya mtundu wanji? Nambala yake? Mawilo angati? Ndinawauza zimene agogo ankanena, kuti inali yakuda ndipo inkatentha. Anaseka mpaka kutsokomola. Wandevu anati agogo anga anali munthu wamwayi. Agogowo mikono yawo inali zipsera zokhazokha ndipo khutu limodzi silinkamva. Ndinangoonjezera eyakoni.

Lachisanu lililonse masana ankapita ku kwizi kubala ya hotelo ina. Ndi mpikisano wa mafunso: matimu a anthu anayianayi, wina akuwerenga mafunso pamaiki, inu mukulemba mayankho papepala. Iwo anali atatu. Wachinayi chinali chidole. Wadazi anali ndi luso lolankhula osasuntha milomo, dzanja lili kumsana kwa chidolecho, mawu n'kumamveka ngati akutuluka m'kamwa mwake mwa mtengomo. Milungu iwiri yoyamba chidole chinakhala pampando wakewake, tambula ya juwisi patsogolo. Kenako timu ya aphunzitsi inadandaula, ndipo wofunsa mafunso analamula kuti wachinayi akhale munthu wopuma.

Munthu wopuma amene anali pafupi ndinali ine.

Poyamba ndinakana. Lachisanu ndi off yanga yokhayo, m'mawa kutchalitchi ku Abu Hamour, masana mpira ndi anyamata akwathu ku Al Thumama. Koma Mmwenye ananena mongodutsa kuti pakutha pa milungu isanu ndi itatu timu yopambana imalandira masatifiketi, aliyense yake, dzina losindikizidwa. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, mayeso asanafike. Satifiketi ya ku pulayimale ankangoti ili ku ofesi, sindinaionepo. Mapepala okhala ndi dzina langa ndi pasipoti ndi ID basi, ndipo onsewo amangonena kuti ndilipo, osati kuti ndinadziwapo kanthu. Ndinavomera.

Kuhoteloko salola masilipasi. Nsapato ndinabwereka kwa bambo a ku Machinga amene tinkagona nawo rumu imodzi, asekyurite, Msilamu wosaphonya mapemphero a Jumua. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akupolisha lamba wawo.

"Ndiye ukakhala pampando wa chidole?"

"Eya."

"Nanga chidolecho chikakhala pati?"

"Pamiyendo pa mwini wake."

"Ndiye kuti icho chakwezedwa pantchito, iwe ukukayamba kumene. Khalas, basi, tenga nsapatozo. Koma usakazimwetse mowa."

Zimene ndinakaona kumeneko sizinalowe m'mutu mwanga. Anthu atatu a madigiri, odziwa kulemera kwa injini ya m'dziko limene sanapondemo, koma funso la mpira kapena la nyimbo ankangoyang'anana. Mafunso a sitima ankabwera mwa apo ndi apo. Limodzi litabwera, anakangana mpaka nthawi inatha pepala lili loyera. Wandevu ankati funsolo ndi lolakwika. Mmwenye ankati funso lili bwino, wolakwika ndi wandevu kuyambira tsiku lobadwa. Chidole chinati onse awiri akakwere basi.

Chidolecho chinali chamwano. Wandevu akamunyoza mwini wake kuti milomo yake ikuyenda kuposa mapisitoni, icho chinkayankha kuti ndevu zake zikufunika fosholo. Chinkatukwana manijala wawo wakudepoti, chinkanyoza aphunzitsi a patebulo linalo, ndipo wadazi ankachitseka pakamwa n'kupepesa m'malo mwake, nkhope ili yamanyazi enieni. Ndinkamuyang'ana pakhosi kuti ndimugwire. Pakhosi pankagwedezeka ndithu. Komabe chikalankhula, aliyense ankatembenukira kwa chidole, ngakhale ine.

Wadaziyo payekha sankalankhula nane kupatula moni ndi kundiuza pokhota. Koma Lachisanu lina pa nthawi yopuma, anzake atapita kukaonjezera zakumwa, chidole chinatembenuza mutu n'kundifunsa ngati agogo anga ankaikonda injini yawo. Ndinayang'ana mwini wake. Iye ankayang'ana m'tambula. Ndiye ndinayankha chidole. Ndinachiuza kuti sindikudziwa. Ndinachiuza kuti agogo atakalamba, sitima ya dizilo ikaliza hutala ankapita kukaima pampanda n'kulavula, koma sankachoka mpaka bogi yomaliza itadutsa.

"Bambo anganso ankatero," chinatero.

Chidole chilibe bambo. Chinasemedwa. Sindinadziwe woti ndimuyang'ane, ndiye ndinayang'ana nsapato za eni ake.

Timuyo inali ndi mwambo wake. Funso lililonse likakhozedwa, Mmwenye ankatulutsa kabuku kaja n'kulemba kamzere pansi pa dzina la amene wapereka yankho. Ankati n'kuti mbiri isasokonekere. Patsambapo panali mayina anayi, lachinayi la chidole. Ndinaliona sabata yoyamba yomwe. Ndinaganiza kuti adzasintha ndikadzakhoza kanthu, ndipo kwa milungu isanu sindinakhoze chilichonse. Mafunso anali a mafumu a ku Ulaya ndi mafilimu akale. Ndinkangokhala n'kumapuma, monga mwa lamulo.

Lachisanu lomaliza tinali ofanana mapointi ndi aphunzitsi aja. Gawo lomaliza wofunsa anati ndi la ziweto. Wandevu anagwetsa mutu patebulo. Mafunso atatu oyamba anali a mahatchi ndi agalu a kwawo, matimu onse awiri anakhoza. Funso lachinayi linali lakuti nkhuku imafungatira mazira masiku angati. Wandevu anati mwezi. Mmwenye anayamba kuwerengera za kutentha kwa dzira. Ine ndinati makumi awiri ndi limodzi. Sanandimve, kapena anamva mpando ukulira. Ndinabwereza. Apo chidole chinadzutsa mutu n'kunena mawu anga omwewo ndi kamawu kake kopyapyala, kuwonjezera kuti icho chinaleredwa m'khola. Anaseka, n'kulemba.

Funso lachisanu linali lakuti ng'ombe ili ndi mano angati akutsogolo kumwamba. Wandevu anati asanu ndi atatu, cholembera chili kale papepala. Ndinamulanda cholemberacho. Ndadyetsapo ng'ombe za amalume zaka zitatu, ndaikapo dzanja m'kamwa mwa thole. Kumwamba kutsogolo kulibe dzino, ndi nkhama zokhazokha. Ndinalemba ziro wamkulu. Wandevu anati ndawaphera timu. Chidole chinati amusiye mnyamatayo, wandevuyonso posachedwa kumwamba kukhala kopanda kanthu.

Aphunzitsi analemba masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndi mano asanu ndi limodzi. Tinapambana ndi mapointi awiri.

Anandikumbatira, sindikana. Wandevu ananditcha pulofesa wa nkhuku, nandigulira mbale ya tchipisi. Ndinatuluka panja padzuwa n'kutumizira mayi voisi kuti ndapambana mpikisano wa mafunso ndi azungu, satifiketi ikubwera, akonzeretu malo pakhoma. Pobwerera ndinapeza Mmwenye akutseka kabuku. Timizere tiwiri tatsopano tinali pansi pa dzina la chidole. Ndinamufunsa. Anati ndi danga la mpando wachinayi, si nkhani ya munthu.

Masatifiketi anabwera nthawi yomweyo, otentha kuchokera mu printa ya kuresepishoni. Anasindikiza mayina a pa fomu imene timu inalemba sabata yoyamba. Palibe amene anakumbukira kuisintha. Wofunsa anaitana mayina pamaiki, lachitatu, kenako lachinayi, ndipo bala yonse inagwa ndi phwete. Wadazi ananyamuka ndi chidole chake, chidole chinalandira pepala ndi kadzanja kake, chinawerama, anthu anajambula. Ine ndinaomba nawo m'manja. Sindikudziwa chifukwa chake. Aliyense ankaomba.

M'galimoto wandevu anati nkhani yaing'ono, afufute dzinalo ndi cholembera alembe langa pamwamba. Ndinamufunsa ngati digiri yake ili ndi dzina lofufuta. Mmwenye anati alembera imelo kuhotelo. Analembadi, anandionetsa. Akuhotelo anayankha kuti mpikisano unatsekedwa ndipo mayina ndi a pa fomu. Bambo a ku Machinga nditawafotokozera sanaseke. Anatembenuza nsapato zawo, kuyang'ana kunsi, n'kunena kuti chinthu chokhala ndi satifiketi chikhoza kupezanso visa, ndisamale ntchito yanga.

Lamulungu m'mawa, tsiku limene mainjiniya amayamba ntchito kuno, wadazi analowa m'galimoto ndi chikwama chachikulu. Sankabwera nacho kuntchito. Titaima pamaloboti ndinamva zipi, kenako pagalasi panatulukira chipewa chija.

"Pepa," chinatero chidole. "Ndinatenga zako."

Mwini wake ankayang'ana panja, kuwerenga makreni. Ndinadikira kuti munthuyo anene yekha, ndi milomo yake. Loboti inali yofiirabe. Sananene.

"Satifiketiyo sunga," ndinachiuza. "Ili ndi dzina lako. Koma mazira ndi mano ndi zanga. Uwauze asamutse timizere tija."

Chidole chinatembenukira kwa Mmwenye. Mmwenye anatulutsa kabuku, natsegula, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali ngati ndi pulani ya mlatho. Anati tsamba ladzaza, palibe poika danga lachisanu, ndipo inki safufuta chifukwa mbiri imasokonekera. Mpikisano wina ukadzayamba adzanditsegulira danga langa, timizere tiwirito adzatisamutsa moyenera, inshallah. Wandevu anati kumeneko ndiye kuyendetsa njanji. Wa kumbuyo kwathu analiza hutala, ndinayendetsa. Tisanafike pageti anali atayambanso za mawilo.

Madzulo ndinapeza envelopu pampando wakumbuyo. Munali chithunzi chodula m'magazini, injini yakuda ikutulutsa utsi, pakhomo pake munthu wakuda atagwira fosholo, nkhope yosaoneka bwino. Kuseri kunalibe mawu. Si agogo anga, malowo si kwathu n'komwe. Sindikudziwa amene anachisiya, munthu kapena chidole, ndiponso sindikudziwa chifukwa chake ndimachisungabe m'chikwama cha pasipoti.

Mpikisano winawo sunafike kwa ife. Kontrakiti ya wadazi inatha, anabwerera kwawo ndi chidole chake ndi masatifiketi awiri. Ine anandisamutsira ku basi ya antchito. Mayi akafunsa za pepala lija ndimawauza kuti lili ku ofesi, ndipo amamvetsa, anazolowera. Mmwenye ndimamuona nthawi zina pageti la depoti, kabuku kali m'thumba la shati. Amandikwezera dzanja. Ine ndimamukwezera zala ziwiri, iye n'kumwetulira, mwina amaganiza kuti ndi moni wa achinyamata.

Tchipisi ndinadya, chithunzi ndinalandira, za satifiketi ndinazisiya. Otsala ndi mapointi awiri.