Singano Ziwiri za Agogo aDiyasi

"Amake Tadala, kodi chinthu ichi chinkaimba ndithu, kapena anthu amangotinamiza?"

Anandifunsa choncho amake Yamikani, anzanga oyandikana nawo nyumba kuno ku Matawale, tikuchapa pa mpopi. M'manja anali ndi mbale yakuda ya nyimbo, yong'aluka m'mphepete, imene mwana wawo anaitola kudzala n'kumaigubuduza ngati gudumu. Ndinaipukuta ndi chitenje, n'kuyendetsa chikhadabo m'timizere take.

"Chinkaimba mayi," ndinatero, "koma zinkatengera singano imene mwaikapo."

Iwo anaseka n'kupitiriza kuchapa. Ine maganizo anali atapita kale kwa agogo aDiyasi.

Ndikawakumbukira, choyamba kubwera ndi fungo: utsi wa nkhuni za paini zimene amayi ankatsika nazo kuphiri m'mawa, wosakanikirana ndi fungo la sipiriti amene agogo ankatsukira singano zawo, ndiponso la fodya wa chingambwe amene ankangomusunga kukhutu osamuyatsa, poti ankati utsi umadetsa nyimbo. Sanali agogo anga enieni. Khomo lawo linayang'anana ndi lathu. Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo iwo anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina wa zankhalango pamwamba pa phiri la Zomba. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira gumbagumba, makina oimbira mbale aja, pamodzi ndi sipika yake imodzi yaikulu ngati mpando. Akazi awo, aSelina, anamwalira ine ndisanabadwe. Choncho ine ankanditchula kuti mkazi wawo wamng'ono, ndipo amayi anga akandisowa ankangokuwa pakhomo kuti, "Akamwini, tibwezereni mwana akatunge madzi!"

Loweruka masana agogo ankatulutsa beseni, n'kutsuka mbale zawo ndi madzi a sopo, imodziimodzi, mozungulira motsata mizere, kenako n'kuziimika pamthunzi wa mpeyala kuti ziume. Padzuwa ayi, ankati zimapindika ngati chikumba. Zikauma ndiye ankatsegula kabokosi ka thabwa mmene munkakhala timitu tiwiri. Muyenera kudziwa kuti singano siikhala yokha. Imakhala pa kamutu, ndipo kamutuko ndi kamene amamangirira kumapeto kwa mkono wa gumbagumba. Timitu tawo tonse tinali ndi mayina. Kena kanali Khasu, kena Nthenga.

Khasu analigula mumsika wa Zomba kwa bambo wina wokonza mawotchi. Linali lalikulu, lolemera, singano yake yotembenuza, yoti ikabuntha uku mumatembenuzira mbali inayo, kungoti mbali zonse ziwiri zinabuntha kalekale. Koma mawu ake, abale! Ng'oma inkagunda pachifuwa, nkhuku n'kuthawa pakhonde. Likayamba kulumpha pa mbale yokalika, ankalimangirira nati ya njinga pamwamba ndi ulusi, monga ankachitira aliyense wa gumbagumba masiku amenewo, ndipo linkangodutsa osafunsa. Nyimbo ikatha agogo ankandionetsa kafumbi kakuda kunsonga kwa singano.

"Waona? Si fumbi la panja ili. Ndi nyimbo yachoka. Khasu likalima, dothi silibwerera."

Nthenga inabwera ndi makinawo. Kamutu kake kanali kakang'ono ngati nyemba, ndipo kunsonga kunali kadayamondi koti agogo sankakaona n'komwe, ankangokakhulupirira. Mawu ake anali otsika, oti ukhale pafupi, utseke pakamwa. Koma ukatero unkamva zinthu zimene Khasu linkakwirira: chala chikutsetsereka pa waya wa gitala, woimba akukoka mpweya asanakweze mawu. Vuto lake inali yamantha. Munthu akangoponda mwamphamvu kapena chitseko chikamenyeka, yalumpha.

Ankakonda kundiyesa. "Tsinzina, mkazi wanga." Ankaika mbale yomweyo kawiri, n'kufunsa kuti yakoma ndi iti. Ine nthawi zonse ndinkasankha Khasu, poti linkandivinitsa.

"Mwana iwe makutu ako ali kumiyendo," ankatero, akupukusa mutu. "Ndikusiya ukwati, ndikakwatira wina wa ku Malosa."

Panali mbale imodzi imene Khasu silinaikhudzepo. Inkakhala pansi pa sutikesi, yokulungidwa m'pilo wakale. Inalibe chithunzi, inali yolemera kuposa zinzake, ndipo inali ndi mizere mbali imodzi yokha, kuseri kosalala. Anandiuza kuti kalekale wansembe wina anabwera ndi makina ojambulira mawu, n'kujambula amayi a kutchalitchi kwawo akuimba nyimbo ya ukwati ya Chilomwe. Wotsogolera nyimboyo anali aSelina. Wansembeyo anadulitsa mbale imodzi yokha, n'kuwapatsa, n'kuwachenjeza kuti ndi yofewa, siili ngati za m'sitolo, imatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene yaimba. Ndiye agogo ankaiimba pa Khirisimasi, ndi m'mwezi umene akazi awo anamwalira, basi. Ankayamba atseka chitseko, kuthamangitsa nkhuku, ine n'kundikhazika pamphasa ndi lamulo loti ndisagwedeze ngakhale chala.

Nyimbo isanayambe, pankamveka mayi akuseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamanyazi amene anzake akumukankhira kutsogolo, kenako n'kufunsa chapansipansi kuti, "Tiyambe?" Agogo ankayankha nthawi zonse kuti, "Yambani, mayi." Ndipo mawu ankakwera, owonda koma olimba, amayi ena n'kumavomera. Chilomwe sindinkachimva, ngakhale ana awo omwe sankachiyankhula, koma tsitsi linkandiyenda.

Mwana wawo wamkulu, aJoji, anayesapo kuwauza kuti aijambulire pa kaseti. Agogo anakana kwamtuwagalu.

"Kuti amayi ako azikaimba m'minibasi ya ku Limbe, kondakitala akutukwana? Ali bwino m'nyumba mwawo muno."

Ndili sitandade 4, mdzukulu wawo Agi, mwana wa aJoji, anapeza banja. Madyerero anali oti achitikire pabwalo la agogo. Kutatsala masiku ochepa, ndinamuona Agi akugwada pakhonde.

"Agogo, ine agogo aakazi sindinawaonepo. Ndikupempha abwere ku ukwati wanga."

Agogo anachotsa fodya kukhutu, kumuyang'ana, kumubwezeranso.

"Kamodzi kokha," anatero. "Ndipo ndi Nthenga."

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa loti ngakhale phiri linkaoneka lotuwa ndi utsi wa moto wolusa. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumpanda kwathu, ena ochokera ku Phalombe kwawo kwa aSelina. Gumbagumba analiika patebulo pakhonde, pa batire ya galimoto, ndipo kuyambira m'mawa Khasu linali likugwira ntchito yake pa mbale zovinira. Itafika nthawi ya perekaniperekani, mkulu wa mwambo analengeza kuti tsopano mayi a nyumba ino aimbira mdzukulu wawo. Agogo anamasula Khasu, kuika Nthenga, kupukuta manja pa jekete, n'kutsitsa mkono.

Sizinamveke. Ine amene ndinali pambali pawo ndinamva kuseka kuja ndi "Tiyambe?", koma kupitirira masitepe a khonde kunalibe kanthu. Ana ankalira, mapoto ankagogoda kuseri, ndipo anthu atadzipanikiza kuti amvetsere, wina anagunda tebulo, Nthenga n'kulumpha mpaka pakati pa nyimbo.

"Kwezani agogo! Kuno sitikumva!"

"Kodi ayamba kale?"

Agogo anaimitsa mbale. Agi anali ataima pakati pa bwalo ndi lichero m'manja, m'diresi lake loyera, khosi atalitambasula ngati munthu woyang'ana basi imene siikubwera. Agogo anamuyang'ana. Kenako anatsegula kabokosi.

"Agogo," ndinanong'ona, "Khasu lidya."

"Ndikudziwa, mkazi wanga. Tagwira ulusiwu."

Anaika Khasu, kumangirira nati ija pamwamba, n'kutsitsa mkono.

Kuseka kuja sikunamveke, Khasu linakudutsa ngati palibe. Koma nyimbo itayamba, mawu a aSelina anatuluka aakulu, anadzaza bwalo, anakafika mpaka kumsewu. Agogo ena aakazi a ku Phalombe anaponya ndodo pansi n'kukuwa kuti, "Selina! Ndi Selina ameneyo!" Nthungululu zinasweka. AJoji, bambo wamkulu wa mimba yake, anangokhala pansi pafumbi ndi suti yobwereka, chipewa kumaso. Agi ankavina akulira, lichero likugwedera.

Tsono kwathu kuno pa perekaniperekani pali lamulo limene aliyense amalidziwa. Munthu akafupa n'kunena kuti nyimbo yomweyo ibwerezedwe, imabwerezedwa. Kumukaniza ndiye kuti watseka lichero la mkwatibwi. Nyimbo itangotha, azakhali a Agi anaponya ndalama yawo m'lichero.

"Yomweyo! Ndivine ndi amayi anga!"

Anthu aja sankadziwa kuti mbaleyo imatha. Kwa iwo inali ngati kaseti, yongobweza. Tinkadziwa ndife awiri. Ndinayang'ana agogo kuti mwina anena, poti akanangoimirira n'kufotokoza, palibe akanawatsutsa. Iwo anangopukuta kafumbi kakuda kunsonga ndi chala, kukayang'ana, n'kubwezera mkono poyambira.

Atatha azakhali anabwera amalume. Kenako amayi a ku Phalombe monga gulu. Kenako akuchimuna, amene sankawadziwa n'komwe aSelina, koma anati nawonso alandire apongozi. Ulendo uliwonse mawu ankachepa, ndipo kumbuyo kwake kunkakula phokoso ngati la mvula pa malata. Fumbi lija linayamba kuoneka ndi pa mbale pomwe, lopota ngati ulusi. Amayi okalamba aja anali ataikumbukira nyimbo yonse, moti pamene mbale inkafooka iwo ankakweza, ndipo ambiri sanazindikire kuti chikuchitika n'chiyani.

Dzuwa litapendeka agogo anapisa m'thumba la jekete, n'kutembenukira kwa ine.

"Utsitse ndiwe. Dzanja likhale ngati ukugoneka mwana amene wangogona kumene."

Ndinali ndisanaloledwepo kukhudza mkono umenewo. Anatsika masitepe, kuponya yawo m'lichero, n'kunena mokweza kuti, "Yomweyo!" Anthu anaseka, kuwaombera m'manja. Ndinatsitsa mkono mpweya nditaugwira. Agogo anavina ndi Agi, kuvina kwa nkhalamba, mapazi osachoka pansi, mapewa okha ndi amene ankayenda, mutu ataupendeketsa kukhonde kumene kunali sipika. Mawu a akazi awo ankangotulukira apo ndi apo, ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje wodzaza.

Loweruka lotsatira sanatsuke mbale. Anandiitana, kutseka chitseko, kuika Nthenga. Tinamvetsera kuyambira poyamba mpaka pothera. Inali mvula yokhayokha. M'mizere ina munkawala chitsulo cha m'kati. Pamalo pamene ankayankha paja anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Ndinayamba kulira, n'kunena kuti bola amayi a ku Phalombe aja akuidziwa, akhoza kudzaimbanso.

"Nyimbo ndi yomweyo," anatero, "koma pakhosi si pomwepo." Kenako anandigunda ndi chigongono. "Koma wamva mmene anakuwira? Mpaka kumsewu! Mayi ameneyu moyo wake wonse ankaimba ngati akuopa kudzutsa munthu. Ndiye iwe wapambana, wa makutu a kumiyendo iwe. Pita ukauze amako kuti ukwati sunathe."

Agogo anakhala ndi moyo zaka zingapo pambuyo pake, ndipo sindinawamvepo akudandaula za tsiku limenelo, kapena kuuza aJoji ndi Agi chimene chinachitika. Pa Khirisimasi ankangokhala pakhonde ndi fodya wawo kukhutu, chitseko chili chotsegula. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo za makina sindidziwa zambiri. Koma Tadala akagona pamsana, ndikamamutsitsira pamphasa pang'onopang'ono kuti asadzidzimuke, dzanja langa limadziwa kumene linaphunzira.

Masiku amenewo mafoni ojambula anali asanafike kwathu, ndipo palibe anaganiza zojambula pa kaseti. Amayi a ku Phalombe aja onse anatsikira kuli chete, ndipo mwa ife amene tinavina palibe anagwira mawu ake a Chilomwe. Chinatayika ndi mbale imodzi, nyimbo imodzi, ndi mawu a aSelina.