Maulendo Atatu Chifukwa cha Jakisoni Mmodzi

Ndisanabwere ku Dubai ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kwathu ku Ntcheu. Tsiku la sikelo ndinkamangirira bokosi la katemera panjinga, ndipo pofika patchalitchi pomwe tinkakumana ndinkapeza amayi ali kale pamzere, mabuku a kusikelo ali m'manja. Ana amene ndinawabaya sindingawawerenge. Kuno ndine wolera mwana basi. Ndimakhala m'nyumba ya mabwana anga ku Jumeirah Village Circle, ndipo ndimalera kamtsikana kawo ka zaka zinayi.

Chaka chatha, kutentha kutayamba kuchepa, kusukulu yamkaka kunachokera uthenga wolimbikitsa makolo kuti ana alandire katemera wa chimfine. Madamu sanaone vuto. Pansi pa nyumba yathu pali famase, ndipo iwo anali atabayitsa momwemo sabata yapitayo, osatha ndi mphindi khumi zomwe. Anandiuza kuti nditsike ndi mwanayo tikamalize.

Wa pafamaseyo ndi mayi wa ku India amene timadziwana, chifukwa matewera ndi mankhwala a m'nyumba ndimagula kwa iye. Atamva chomwe tinabwerera anapukusa mutu. Anati chilolezo chake n'chobaya akuluakulu okha, mwana ayenera kupita kukiliniki. Ndinaloza furiji yomwe inali kumbuyo kwake, ndikuona timabokosi ta katemera kudzera pagalasi, n'kufunsa ngati si womwewo.

"Ndi womwewo, sista, ndipo ndimadziwa kubaya," anatero. "Koma ndikangomugwira mwanayu, ntchito yanga khalas, yathera pomwepo."

Kiliniki imene imalandira inshuwalansi ya banjali ili kufupi ndi Festival City, kutsidya lina la mzinda. Madamu anatisungitsira malo tsiku Lachiwiri masana. Tinakwera takisi mwana atangoweruka, koma pamsewu magalimoto anali atathinana, tikuyenda ngati maliro. Mwana anasanza pampando, dalaivala n'kuyamba kung'ung'udza m'chilankhulo chake. Tinafika titachedwa, ndipo mtsikana wa polandirira alendo anati nthawi yathu yadutsa, tsikulo malo atha. Ndinabwerera ndi mwana wanjala, zovala zikununkha masanzi.

Ulendo wachiwiri tinanyamuka kudakali nthawi. Tinafika bwino, mwana anamuyeza sikelo, kenaka anandipatsa fomu. Nditatenga cholembera kuti ndisayine, nesi anandifunsa ngati ndine mayi wake. Ankaona yekha kuti si ine, koma anafunsabe. Anati popanda kholo sangabaye. Ndinaimbira madamu foni kuti alankhule nawo, koma anali mumsonkhano kuntchito, sanayankhe. Abwana aamuna anali kunja kwa dziko. Ndinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu ndikuimbabe, mwana akundikoka diresi kuti yalla, tizipita.

Madzulo ake madamu anandikalipira kuti ndikanafunsiratu za fomuyo. Ndinangoti pepani. Mumtima ndinkawira. Akanaloleza famase ija kubaya ana, madamu akanatsika pa lifiti akaweruka, kusayina, mwana n'kubayidwa chakudya chisanazizire. M'malo mwake tinataya masiku awiri mumsewu chifukwa cha ntchito imene manja anga omwe anaigwira kwa zaka zambiri.

Tisanapeze tsiku lina loti madamu apemphe kuntchito, chimfine chinalowa kusukulu. Mwana anadwala sabata yathunthu. Thupi linatentha, chakudya ankakana, ankangofuna kukhala pamsana panga. Sindinganene motsimikiza kuti katemera akanamuteteza, chifukwa ndikudziwa kuti amatenga masiku kuti ayambe kugwira ntchito. Komabe nthawi iliyonse imene ndinkatsika kukagula mankhwala oziziritsa thupi, ndikaona furiji ija mtima unkandipweteka.

Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinamufotokozera mayi wa pafamase za ntchito yanga yakale. Ndinamuuza kuti kwathu sitinali madokotala, koma anatiphunzitsa, ndipo tinkabaya ngakhale makanda a masabata ochepa. Anamvetsera mwachidwi. Kenaka anati mwana si munthu wamkulu wochepa thupi: pamafunika kachipinda kapadera, mankhwala oti akhale pafupi ngati thupi lakana katemera, komanso maphunziro ena. Sindinamutsutse, zonsezo ndinkazidziwa. Ndinangomufunsa ngati angakane atamuphunzitsa.

"Ndingakhale woyamba kulembetsa," anayankha. "Makolo amabwera pano tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawabweza. Ena sindikhulupirira kuti amakafika kukiliniki."

Lamlungu lotsatira ndinakumana ndi anzanga olera ana titatuluka m'tchalitchi, ndipo nditawafotokozera, mmodzi wa ku Chipata anaseka n'kunena kuti mabwana ake anangosiya zobayitsa ana, alibe nthawi yoyendera zimenezo.

Ulendo wachitatu tinapita mwana atachira, madamu atapempha theka la tsiku kuntchito. Njira yonse madamuwo anali pafoni. Titalowa, nesi anandiuza kuti ndimukhazike mwana pamiyendo panga ndi kumugwira mkono. Ndinamugwira mmene ndinkaphunzitsira amayi akwathu, nesi n'kundiyamikira kuti ndimatha kugwira ana. Anapukuta paphewa, kubaya, kumata kapulasitala. Mwana analira pang'ono, n'kutonthola atapatsidwa kachithunzi komata pamalaya.

Pobwerera tinakhalanso mumsewu nthawi yaitali. Madamu anatsikira kuntchito kwawo, ine ndi mwana tinapitirira kunyumba, iye ali m'tulo pachifuwa panga.