Mchombo mu Mgolo wa Kabuthu

Nditangokwatiwa tinkakhala ndi apongozi anga ku Lwendulu, komboni ya pamgodi wa malasha wa ku Wanki, chifukwa amuna anga anali asanapatsidwe nyumba yawoyawo kumgodi. Kuseri kwa nyumbayo, pansi penipeni pa zenera la chipinda chathu, kunali mgolo wodula pakati. Mumgolomo munali nthochi ya kabuthu, ija yaifupi yosapitirira msinkhu wa munthu. Apongozi aakazi anabwera nayo kuchokera kwawo ku Mulanje ili kamphukira, ataikulunga m'chiguduli chonyowa, pamodzi ndi thumba la dothi lakwawo. Pansi anakana kuibzala. Ankati nthaka ya ku Wanki ndi ya kampani, ndipo tsiku limene apongozi aamuna adzapume ntchito, mgolowo udzakwera nawo sitima.

Nthochi imeneyo ndinkadana nayo. Masamba ake anali bii ndi fumbi la malasha, koma chondinyansa kwenikweni chinali chakudya chake. Kumudzi nthochi imakondwa kuseri kwa bafa, kumene kumathera madzi onse akuda, ndiye apongozi sankafuna kuti yawoyi imanidwe. Madzi otsukira mbale, mamba ndi matumbo a nsomba, makoko a mbatata, ndowe zochita kupempha kwa eni ng'ombe, zonsezo zinkalowa mumgolo. Anaiwala kuti kumudzi madziwo amalowa pansi n'kupita. Mgolo wawo unalibe bowo ngakhale limodzi, ndipo sankalola kuti ubooledwe, ati dothi lakwawo lingathawire pomwepo.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, pamwamba pa mgolo pankachita thovu lobiriwira, ntchentche zonenepa zili ng'waa. Ine apo n'kuti ndili ndi pakati poyamba, pamene fungo la sopo lokha linkanditembenuza mtima. Ndikatsegula zenera m'mawa ndinkangothamangira kokasanza. Amuna anga ndikawadandaulira ankaseka, ati mphuno zawo zinafera pansi pamgodi kalekale. Mayi wina Mndebele woyandikana nafe ankadutsa atatsina mphuno, n'kumauza anzake kumpopi kuti Anyasalande ayamba kuweta chimbudzi. Manyazi ankandigwira mpaka ndinayamba kukatunga madzi anthu atachepa.

Nditatopa, apongozi anandiitana n'kundiuza chimene ankausamalira mgolowo chotero. Munali michombo ya adzukulu awo, ana a alamu anga. Anati mchombo ukagwa sautaya paliponse, amaukwirira m'dothi limene mwanayo adzalitche kwawo, ndipo munthu amatsata kumene kuli mchombo wake. Wa mwana wanga nawonso udzalowa momwemo. Ndinangoti chabwino, poti apongozi sawatsutsa pamaso, koma mumtima ndinakana. Kanyama ka m'thupi la mwana wanga kukagona pamodzi ndi matumbo a nsomba! Amuna anga anati za amayi awo salowerera.

Mwana anabadwa wamwamuna. Mchombo utagwa, apongozi anaukulunga m'kansanza, ndipo m'mawa wotuluka m'chikuta tinapita kuseri awiriwiri. Anatenga kampeni kuti akumbe kadzenje m'mbali mwa tsinde. Atangobaya, nthochi yonse inapendekeka n'kutsamira khoma. Kunsi kwake kunali kutawola, kuli phwetephwete ngati dzungu lovunda, mphutsi zoyera zili piringupiringu. Fungo limene linatuluka pamenepo silinali la masiku onse lija. Linkachita kumveka kukhosi.

Ndinkayesa kuti tsiku limenelo ndidzavina. Koma apongozi anangoima, kansanza kali m'manja.

“Nanga ameneyu ndikamuika kuti, mwananga?” anandifunsa. “Kudzala la kampani?”

Sanati mchombo. Anati ameneyu. Ndinamanga mpango pamphuno, n'kupisa dzanja m'matopemo mpaka m'chigongono. Munali motentha, moterera, minga ya nsomba ikundibaya zala, tinthu tikuyenda pakhungu. Ndinapatuka kukasanza, n'kubwereranso. Chakumbali ndinakhudza kanthu kolimba, ndipo nditakazula ndinapeza kuti ndi kamphukira, kansonga kake kali kobiriwira.

“Amayi, aka kali moyo,” ndinatero. “Koma mgolowu ubooledwe lero. Apo ayi, mwana wanga salowamo.”

Aka kanali koyamba kuwalamula, ndipo anangogwedeza mutu kuvomera. Amuna anga ataweruka anaupendeketsa mgolo n'kuuboola pansi ndi msomali. Madzi akuda anatsika pang'onopang'ono mpaka kumsewu, anansi akutseka zitseko n'kumatitukwana m'zilankhulo zawo. Dothi litauma tinabzala kamphukira kaja, apongozi n'kukwirira kansanza kaja pambali pake. Za matumbo a nsomba ndinaziletseratu.

Kabuthuyo anakula bwino, masamba otambalala, n'kubereka mkoko wolemera woti tinachita kuuchirikiza ndi mtengo wa mphanda. Nyumba yonse inadya n'kumayamikira. Ine sindinalawe. Ndikangoona nthochi yosenda, dzanja langa linkakumbuka kuterera kuja.

Mwana wanga atayamba kuthamanga ndi anzake m'komboni, apongozi aamuna anapuma ntchito, ndipo nyumbayo inasiyidwa m'manja mwa amuna anga. Tsiku la ulendo, katundu yense atakwezedwa palole yopita kusiteshoni, amuna anga ndi anzawo anapita kuseri kukanyamula mgolo. Anaugwira, kukoka, koma sunasunthe. Atakumba m'mbali anapeza kuti dzimbiri linakulitsa mabowo aja mpaka pansi ponse panadyeka, mizu n'kutsika kulowa m'nthaka. Dothi la ku Mulanje ndi la ku Wanki zinali zitasakanikirana, zosatheka kuzilekanitsa.

Wina anati abwere ndi chikwanje adule mizuyo. Apongozi aakazi anakweza dzanja kumuletsa. Anayang'ana mabowo aja, kenaka ine, kenaka mdzukulu wawo amene ankasewera ndi kagalimoto kamawaya, miyendo ili mbuu.

“Msiyeni,” anatero. “Wasankha yekha.”

Anakwera sitima opanda mgolo. Mwana wanga wakalamba tsopano, ku Mulanje sanapondeko phazi. Ndikamulankhula Chichewa amamva zonse, koma amandiyankha m'Chindebele.