Ndinasankha penti

Ntchitoyi ndinaipeza pamaliro. Ndinali nditakhala zaka ziwiri kunyumba ku Ngungu mu Kabwe, satifiketi yanga ya zamalonda ili m'sutikesi pansi pa matewera a mwana wanga Taonga. Bambo ake anapita ku Solwezi kukafuna ntchito, kenako foni yawo inasiya kupezeka. Tsikulo ndinkalemba mayina a obwera kudzalira, ndipo bambo wina wachikulire anasuzumira m'bukumo n'kufunsa kuti, "Dzanja ili ndi la ndani?" Anali a Tembo, akwathu ku Petauke, amene anapuma ntchito kunjanji. Penshoni yawo anagulira mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi ku Makandanyama, koma mawondo anali atawakana, ndipo ankakhala kumunda kwawo ku Mpima. Ankafuna munthu wowayang'anira zipindazo.

Anandipatsa mulu wa makiyi, tepi yoyezera ndi buku lachikuto cholimba. Makiyiwo ndinawapaka utoto wa zikhadabo, chipinda chilichonse mtundu wake. Anandiphunzitsa kuyendera chipinda munthu asanalowemo: kudzitsekera m'kati masana n'kuyang'ana kumalata ngati kukulowa kuwala, kuthira chidebe cha madzi pansi kuti uone kumene akuthamangira, kugogoda mafelemu kuti umve ngati chiswe chadya m'kati, kujambula mita ya magetsi ndi foni. "Chipinda chopanda munthu chimadya mwini wake," ankatero. Ine malipiro anga ankachokera pa zipinda zokhala ndi anthu basi.

Zinayi zinalibe anthu. Makoma anali ndi mwaye, bwalo lonse linali dothi. Zimene zinatsala pa penshoni zinali zokwanira chinthu chimodzi: kupenta mdadada wonse, kapena kuthira simenti pabwalo. "Ndiwe wa kukoleji, mwana wanga," anatero a Tembo. "Sankha."

Apa ndinene zoona. Aliyense wokulira mu Kabwe amadziwa za mtovu umene mgodi wakale unasiya m'dothi la makomboni a mbali imeneyo. Kusikelo anamwino amatiuza kuti ana asamasewere pafumbi, tiziwasambitsa m'manja, tiziwaza madzi tisanasese. Ine ndinkadziwa. Ndikapita ku Makandanyama Taonga sankatsika kumsana, alire asalire. Ndikabwerako ndinkavulira nsapato panja n'kuzitsuka. Koma simenti ya pabwalo siikopa munthu pa chithunzi cha pafoni. Ndinasankha penti, yabuluu wowala. M'milungu itatu zipinda zonse zinadzaza, a Tembo n'kunditumizira thumba la mbatata.

M'chipinda chachinayi munalowa Mwila, mtsikana wa ku Mpika, mwamuna wake mlonda wa pasitolo. Anali asanathe sabata mu Kabwe, ali ndi pakati pa miyezi inayi. Posaina pepala anandifunsa kuti, "Ba sisita, pano pali bwino kulererapo mwana?" Ndinamuyankha kuti madzi savuta, chimbudzi n'chatsopano, kiliniki ili pafupi. Palibe bodza limene ndinanena. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kambirimbiri.

Patapita miyezi itatu, m'mwezi wa mphepo uja fumbi limalowa mpaka m'mano, ndinapita kukasintha loko ya kuchimbudzi. Nditazungulira kuseri ndi sikulu dalaivala m'manja, ndinapeza Mwila atanjuta m'munsi mwa khoma, akupala dothi ndi supuni. Lina linali kale pa chivundikiro cha poto pamwamba pa mbaula, likuuma.

"Bwerani mulaweko," anatero, kukamwa kuli kofiira. "Iyi ni yabwino kupambana ya kumaliketi. Na kugula sinigula."

"Unayamba liti?"

"Pamene ninabwera chabe. Uyu akonda, nikapanda kudya anichaya makiki." Anadzisisita pamimba n'kuseka. "Imwe simunadyeko pa mimba ya Taonga?"

Ndinadyako. Ambirife timadya. Koma langa linali logula, lochokera kutali, ndipo ndinkayamba ndafunsa wogulitsa kumene walikumba.

Taonga anayamba kuvuta kumsana, akufuna supuni ija. Mwila anamutambasulira manja. "Muikeni pansi asewere, iwe mayo! Monga munamumata na guluu. Miyezi itatu sininaonepo mapazi ake pabwalo pano. Kapena tinunkha?"

Ndinkayembekezera kuti ndilira. Sizinachitike. Mawu anangotuluka ngati ndikuwerenga manambala a pa mita. Ndinamuuza za mgodi, za mtovu, zoti umalowa m'magazi n'kufika kwa mwana wa m'mimba, zoti kuotcha dothilo sikuchotsa kanthu. Anaika supuni pansi.

"Munali kudziwa?"

"Ee."

"Tsiku ija ninakufunsani?"

"Ee."

Sananditukwane. Bwenzi zitandipepukira. Anataya dothi lija, n'kulowa m'nyumba kukasintha chitenje, ndipo tinayenda mpaka kukiliniki, iye patsogolo. Anamutenga magazi n'kumuuza tsiku lodzamva zotsatira. Ine ndinakhala panja pa benchi, ndikuwerenga makiyi. Analipo onse. Ndinawawerenganso.

Pobwerera ndinagogoda zitseko zisanu zotsalazo n'kunena zomwezo. Obadwira mu Kabwe anandiseka, ati tinakula tikudya fumbi lomweli. Mayi wina wa ana awiri sanaseke. Kenako ndinaimbira a Tembo.

"Kabwe yonse ni dothi yamene iyo, mwana wanga. Ukauza onse azathawa, manje iwe uzadya chani?"

Ndinati ndawauza kale. "Ndine n'nati usankhe," anatero a Tembo. Sindikudziwa ngati ankandiimba mlandu kapena ankadziimba okha.

Mwezi usanathe mabanja awiri anasamuka, la Mwila ndi la mayi wa ana awiri uja. Kiyi yofiira Mwila anaisiya kwa woyandikana naye. A Tembo anagulitsa nkhumba zawo, simenti n'kubwera mvula itatsala pang'ono. Ndinaimirira pamenepo masiku atatu amisiri akupala dothi lapamwamba, akuyala miyala, akuthira konkiriti kuchokera pakhoma mpaka pageti. Ndinaonetsetsa kuti kuseri kwa chipinda chachinayi athira mokhuthala. Panalibenso woti apalepo, koma ndinaonetsetsa.

Zotsatira za magazi aja sindikuzidziwa. Mwila ndinamuonapo kamodzi pasiteji ya minibasi, atabereka khanda, atalifunditsa mpaka kumutu. Anandiona. Sanatembenuke, sanandipatsenso moni. Ndinali ndi mpata wonse woti ndimufunse kuti mwana ali bwanji, koma ndinakwera basi yopita kumene sindinkapita.

Ntchitoyi ndikugwirabe, tsopano ndi eni nyumba atatu. Ndikamayendera malo sindiyambanso ndi malata, ndimayamba ndi pansi. Munthu akandifunsa ngati pali bwino, ndimayang'ana bwalo n'kudzifunsa ngati ndingamusiye Taonga kukhala pamenepo ndi supuni m'manja. Ngati sindingathe, ndimanena chifukwa chake kiyi isanachoke m'dzanja langa. Ena amalowabe, chifukwa alibe kwina. Koma amalowa akudziwa.