Ndinathirira Pakhomo Pokha

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mphepo inasasula denga la sukulu yathu, kumapiri a kwa Kanduku. Inali mvula ya mu Januwale, yobwera ndi mkuntho. M'mawa mwake tinapeza malata atapindika m'minda ya eni, khoma la makalasi awiri litagwera mkati, madesiki ataphwanyika pansi pa njerwa. Kuyambira tsiku limenelo tinkaphunzira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikayamba n'kuthawira m'tchalitchi.

Dzinja litatha kunabwera bungwe lina lothandiza. Linati lipereka simenti, malata ndi matabwa, ndipo m'malo mwa makalasi awiri ogwawo pamangidwe mdadada wa makalasi anayi, wina udzatsatire pambuyo. Njerwa, mchenga ndi madzi zinali za ife eni mudzi. Anthu anaomba m'manja tsiku limenelo, koma pofika mu Okutobala panalibenso woomba m'manja. Makolo athu anali ataumba njerwa, kuziotcha, kusenza mchenga kuchokera kumtsinje, uku kuminda kukudikira kusosa. Ife ana tikaweruka tinkatuta njerwa mpaka makosi kuuma.

Mmisiri wake anali a Zuze, bambo wamtali wosalankhulalankhula. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, n'kukwatira m'mudzi mwathu, osabwereranso. Chichewa chawo chinali chopindika pang'ono, ndipo mtsikana aliyense ankamuitana kuti menina.

Lachisanu lina anamaliza kuthira simenti pansi m'kalasi yoyamba. Anati simenti yatsopano imafuna kumwa madzi masiku angapo, apo ayi imauma msanga n'kung'aluka. Iwo anali pa ulendo wa kumaliro kwa abale awo, kutsidya kwa malire, choncho ahedi anagawa masiku othirira kwa atsikana a Sitandade 6. Ine anandipatsa Loweruka ndi Lamulungu, poti kwathu kunali pafupi ndi sukulu.

"Menina, m'mawa ndowa zisanu ndi imodzi, madzulo chimodzimodzi," anatero a Zuze. "Panyowe ponse, mpaka m'makona."

Mjigo wa pasukulu unali utafa kalekale. Madzi anali kumtsinje, kumunsi kwa chitunda. Loweruka limenelo ndinayamba ndapita kukasosa ndi amayi, n'kutunga madzi a pakhomo, kenako ndinanyamula ndowa ya kusukulu. Ulendo woyamba ndinakwera bwino. Wachiwiri madzi ankatayikira m'maso ndi kumsana, dothi likuotcha mapazi. Nditafika ndinayang'ana kukula kwa kalasi ija, ndinayang'ananso ndowa yanga, ndinaona kuti sindikwanitsa. Ndinathira madziwo pakhomo pokha, pamene munthu wosuzumira akanaona kunyowa, n'kutseka khomolo ndi lata monga anandiuzira. Madzulo ndinachita chimodzimodzi, Lamulungunso chimodzimodzi. Ahedi atandifunsa Lolemba, ndinayankha osaphethira: "Ndinathirira monse."

Anzanga anathirira bwino masiku otsatirawo, koma zinali zitaonongeka kale. Sabata isanathe ming'alu inaonekera, poyamba yopyapyala ngati ulusi, kenako yoti udzu n'kulowamo, ndipo pamwamba pankafumbuka ukapondapo.

Komiti ya sukulu inaitanitsa msonkhano wa makolo pansi pa mango paja. Anthu anabwera ndi makasu awo, nkhope zili gwa. Bambo wina anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Simenti anaichepetsa ameneyu! Matumba ena anakagulitsa kumalire. Maliro aja linali bodza."

"Obwera ndi choncho," anatero mayi wina kumbuyo. "Ife tikuthyoka misana, iye akudyerapo."

A Zuze anavula chipewa. "Simenti ndinathira yokwanira," anatero.

Ine ndinali kudutsa pomwepo, njerwa zitatu pamutu. Ndinamva zonse, ndipo ndinangopitirira.

M'mawa mwake ndinamva, "Menina, tabwera." Ndinawapeza a Zuze atanjuta m'kalasi muja, akugumula simenti yong'alukayo ndi hamala. Anandilozera pakhomo. Panali posalala, popanda mng'alu ndi umodzi womwe.

"Apa panamwa," anatero. Kenako analoza kutsogolo konse. "Uko kunafa ludzu."

Misozi inayamba yokha. "Ndinatopa, bambo."

"Ndikudziwa. Tonse tatopa. Ndowa zonse zija sizinali za mwana mmodzi, pamenepo tinalakwa akuluakulu ife. Koma iwe ukanangoti, 'Ndalephera.' Amayi ako akanaitana anzawo awiri, ntchito n'kutha dzuwa lisanakwere."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditchulire pamsonkhano. Anapukuta thukuta ndi chipewa chawo.

"Unawaona anthu aja? Ndikanakutchula, moto wonse uja bwenzi uli pa iwe ndi amayi ako. Ine ndinazolowera kunenedwa."

Sanandiuze kuti ndikaulule. Anangotola hamala n'kupitiriza kugumula, ndipo kulira kwa hamalayo kunanditsata mpaka kunyumba. Ndinawapeza amayi akusenda mtedza, ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anangomanga chitenje n'kundigwira dzanja mpaka kwa ahedi.

Chilango changa chinali kuthiriranso kalasi yomweyo itakonzedwa, sabata yathunthu, koma ulendo uno anandipatsa anzanga atatu. Ahedi anafotokoza zoona zake pamsonkhano wotsatira. Tsoka lake, tsiku limenelo mvula yoyamba inali itagwa, anthu ambiri anali kuminda kukabzala. Amene anamva za kuba anali mudzi wonse, amene anamva za ine sanakwane ndi makumi awiri omwe.

A Zuze anamaliza mdadada woyamba, makalasi anayi onse, ndipo ulipobe mpaka lero. Wachiwiri komiti inapatsa mmisiri wina wa ku Thambani, ati pofuna kupewa zokambakamba. M'mudzi mwathu panalibenso amene anawaitana kuti amumangire ngakhale khitchini. Anayamba kupalasa njinga kukafuna maganyu kumalire, kubwera kunyumba pakutha pa sabata, atakalamba msanga. Tikakumana panjira ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Anamwalira ine nditakula kale, ndili ndi ana anga. Ndinapita kumaliro. Tili kusiwa, mayi wina anandinong'oneza kuti, "Malemuwa paja ndi aja anaba simenti ya sukulu." Ndinamuuza kuti si zoona, wolakwa ndinali ine, ndipo ndinamufotokozera zonse mwatsatanetsatane. Anandiyang'ana, n'kukonza mpango wake.

"Kaya," anatero. "Ife tinamva choncho."

Tsopano ndikudziwa kuti kutopa si mlandu. Mlandu wanga unali kubisa kutopako, chifukwa katundu amene ndinamutula mwakachetechete sanathere pansi, anagwera pamsana pa munthu wina. Ndikudziwanso kuti choonadi chikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, chimapeza bodza litalowa kale m'nyumba zonse, ndipo sichikwanitsa kugogoda pakhomo lililonse. N'chifukwa chake mwana wanga akabwera kudzandiuza kuti ntchito yamukanika, ndimayamba ndamuthokoza, kenako timakaimaliza limodzi.