Nkhosa za Alongo Anga

Ku Ndake konse palibe amene sadziwa kuti alongo anga ndi pulofesa wa zobereka. Zobereka zake ziti, palibe amafunsa. Iwo anachoka ine ndili wamng'ono, anakaphunzira ku Lusaka, kenako kunja, ndipo moyo wawo wonse akhala akufufuza mmene ubongo umalamulira thupi kuti munthu akhale ndi mwana. Ena mwa ophunzira awo akale panopa ndi mapulofesanso. Ndimawanyadira, sindinama. Koma dzina lawolo ndi limene landimanga ine.

Ndinakwatiwa ndi mlimi wa thonje, munthu wosalankhulalankhula, ndipo mwana sanabwere. Anzanga zikatere banja limatha, amalira, kenako amayamba moyo wina. Ine ayi. Apongozi anga akangoyamba nkhani yoti mwana wawo akwatire wina, achibale ankawadula: "Dikilani, alongo ake abwela ndi mankhwala." Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kundisiya osandisiya, kundikonda osandikonda. Kumjigo azimayi ankayamba ayang'ana kaye pamimba panga asanandipatse moni.

Alongo anabwera pa maliro a amalume athu. Abale inu, anthu! Tisanachoke n'komwe kumanda, azimayi anali atandanda kale kuseri kwa nkhokwe, aliyense ndi vuto lake, wina atanyamula nkhuku. Ine ndinakawapeza tsiku lotsatira m'munda mwathu, atathawa anthu omwewo, nsapato zawo za m'tauni zili matope okhaokha.

"Alongo, ndiuzeni zoona. Mankhwala alipo?"

Anakhala pa chitsa n'kuyamba kufotokoza. Akuti pansi pa ubongo pali kamalo kakang'ono kamene kamatulutsa timadzi, osati mosalekeza koma modontha ngati mpopi wosatseka bwino, ndipo timadzito ndi timene timadzutsa mazira a mkazi ndi mbewu ya mwamuna. Kudonthako kukasokonekera, thupi limangokhala duu. Iwo ankatenga magazi a nkhosa kambirimbiri pa tsiku kuti aone mmene kudonthako kumayendera. Akulankhula, maso awo ankawala ngati a mwana.

"Nkhosa?" ndinafunsa.

"Nkhosa, ndi timbewa toyela tosadyedwa n'komwe. Mlongo wanga, ine sindine dokotala wa kuchipatala. Sindinachilitsepo munthu." Anati chofunika n'chakuti ine ndi amuna anga tikayezetse tonse awiri, popeza vuto likhoza kukhala mwa aliyense.

Ndinaseka mpaka misozi. Zaka zonsezi ndikudikira nkhosa! Koma mumtima munapepuka, chifukwa ndinaona khomo. Zoyezetsazo amuna anga anali atakana kalekale, akuti iwo si ng'ombe. Ndiye ndinawagwira dzanja alongo.

"Mailo apongozi abwela kudzakuonani. Mudzawauze monga mwandiuzilamu. Kaya andisiya, kaya andisunga, koma adziwe. Ndatopa."

Anavomera ndi mutu.

M'mawa mwake apongozi anafikadi, atavala chitenje chatsopano. Munthu wamkulu, wa maondo opweteka, anagwada pa dothi n'kuwomba m'manja.

"Bambo, ife tilibe kwina koyang'ana. Mwana wanga ndi mmodzi yekha uja."

Ine ndinaima pakhomo. Alongo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Munthu amene amatsutsana ndi akatswiri anzake m'misonkhano ikuluikulu anayang'ana pansi ngati wagwidwa akuba nzimbe.

"Amai," anatero, "sayansi ikupita patsogolo. Tisataye mtima."

Apongozi anaimba nthungululu, kuiwala kuti pakhomo pali maliro. Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya.

Alongo ndinawaperekeza kumsewu waukulu kokakwera basi. Njira yonse sanandiyang'ane. Basi itatulukira m'pamene ananena motsitsa mawu: "Anali atagwada, mlongo wanga. Ndinalephela." Ndinangowapatsira chikwama chawo.

Iwo anabwerera ku ntchito yawo, ndipo ndikumva kuti alandiranso ulemu wina. Kuno apongozi anasankha mbuzi yonenepa yoti adzawaphere tsiku limene adzabwere ndi mankhwala. Anati ikhale kwathu, popeza mwambo wake ndi wanga. M'mawa uliwonse ndimaitulutsa m'khola n'kukaimangirira pa msipu. Chaka chino yaswa ana awiri.